Achimwene Anga Ankadzutsa Ana a Eni Ake

Achimwene anga anadzutsa ana a eni ake kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, m'mawa uliwonse, kaya kugwe mvula kaya kuzizire chotani. Koma itafika nthawi yoti iwowo adzutsidwe, ine mlongo wawo ndinalephera kwa miyezi inayi yathunthu. Ndinakuwa, ndinanyengerera, ndinatukwana, ndinalira. Munthu ali gone, nkhope kukhoma, ngati ndikulankhula ndi thumba la simenti. Ndikufuna ndikuuzeni za munthu ameneyu ndekha, chifukwa anthu akumunena mosiyanasiyana, ndipo ambiri mwa onenawo sanamuonepo n'komwe ali pantchito.

Tonse awiri timagwira ntchito pa yunivesite. Musaganize zapatali ayi, si ife ophunzitsa. Ine ndimakolopa ku hositelo ya atsikana, nyumba yosanjikizana katatu, masitepe makumi anayi ndi awiri amene mawondo angawa amawadziwa limodzilimodzi. Achimwene ndi osamalira bwalo la masewero. Kutchetcha kapinga, kuthira laimu m'mizere, kupopa mipira, kusoka maukonde a magolo, kusunga makiyi a kachipinda kokhala zitsulo zonyamula, ntchito yawo ndi imeneyo. Sukulu anasiyira panjira. Pepala la uphunzitsi wa masewero alibe, ngakhale lonamizira.

Kuthamanga anakuyamba ndi chisoni. Alamu anga atamwalira, osasiya ndi mwana yemwe, achimwene anagwera m'botolo. Ndinasamukira kwawo kuti ndiziwaphikira, koma chakudya chinkangouma pambale. Tsiku lina tulo titawakana, analawira kubwalo nthawi ya ntchito isanakwane, nayamba kuzungulira atavala majombo awo otchetchera udzu. Atazungulira kamodzi anasanza. Mawa lake anapitanso. Mkuja wake anapitanso. Ine ndinkati misala yayamba, ndipo ndinawauza pamaso pomwe. Patatha miyezi itatu ndinazindikira kuti mabotolo pansi pa bedi sakuwonjezekanso.

Mnyamata wina amene analephera mayeso ankawaonera pawindo, ndipo tsiku lina anatsika n'kuyamba kuwatsata pambuyo. Kenako anabwera ndi mnzake. Chaka chisanathe anali atakwana makumi awiri, ndipo zaka zina ankafika makumi asanu ndi limodzi. Palibe amene anawatuma achimwene ntchito imeneyi. Ankangoti ikakwana hafu faifi, ayende m'mbali mwa mahositelo akuwomba m'manja.

"Dzukani! Dzukani, madokotala a mawa! Bedi silipereka digiri!"

Ndiye dzina linachokera pamenepo, a Dzukani. Ena ankawagenda ndi masilipasi pawindo. Iwo ankangotola silipasiyo n'kukuwa kuti mwini wake akayitengere kubwalo.

Ana a pa yunivesite, abale inu, ndi anzeru m'mabuku koma pa nkhani ya thupi lawo ndi makanda. Teremu ikangoyamba mumawaona, nsapato zoyera mbee, botolo la madzi m'manja, foni atayimangirira pamkono. Wina akufuna chimimba chiphwe pasabata imodzi chifukwa kuli ukwati wa msuweni wake. Wina wabwera chifukwa mtsikana amene akumufuna amathamanga. Tsiku lachitatu ntchafu zikuwawa, akutsika masitepe chafutambuyo. Sabata yachiwiri nsapato zija zili pansi pa bedi zikudya fumbi. Musandifunse kuti ndadziwa bwanji, wokolopa pansi pa mabedipo ndine.

Achimwene sankawakhulupirira obwera ndi moto otere. Ankati umenewo ndi moto wa mapesi. Watsopano akafika akudumphadumpha, ankamuuza kuti, "Lero uzungulire kamodzi basi."

"Kamodzi, bambo? Ine ndingathe kakhumi."

"Ndati kamodzi. Zotsalazo usunge, ndidzazifuna mwezi wamawa. Kuthamanga si kufika."

Ankawauza kuti nsapato zizigona pakhomo, masokosi ali m'kati, kuti m'mawa pasakhale chofunafuna. Aliyense ankamupatsa mnzake womugogodera, chifukwa munthu amatha kudzinamiza yekha koma amachita manyazi ndi wina amene wayima pakhomo akunjenjemera ndi mphepo. Woti walephereratu ankamuuza kuti angobwera adzayime pageti, ngakhale atafunda bulangete. Ndipo sindinaonepo amene anabwera kudzayima n'kungoyimadi mpaka kumapeto.

Koma lamulo lawo lalikulu, limene mwana aliyense wa gululo ankaliloweza kuposa za m'kalasi, linali ili: "M'mawa thupi ndi labodza. Likuuza kuti mutu ukuwawa, miyendo yalemera, lero lokha upume. Usalimvere usanazungulire kawiri. Ukazungulira kawiri, ulifunsenso." Ndipo zinali zoona! Mwana wobwera akutsimphina, nkhope yamasinya, pomaliza ulendo wachiwiri akuseka ndi anzake. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi lamulo limeneli silinawagwiritse mwala. Ine ndemwe ndinkalinena kwa mawondo anga pokwera masitepe.

Tsopano ndinene za Kamchira.

Anabwera chaka choyamba n'kupatsidwa chipinda chakumapeto m'nsanjika yachiwiri. Kamtsikana kakafupi, magalasi okhuthala, kankaphunzira za zomangamanga. Mayeso oyambirira atamuvuta, anangotseka makatani n'kulowa m'bulangete. Ndinkakolopa momuzungulira, iye ali phee. Tsiku lina ndinamufunsa ngati wabwera kuno kudzaphunzira kapena kudzafungatira mazira. Sanaseke. Anangoti, "Anti, kuno aliyense ndi wanzeru kuposa ine. Ndikufuna kwathu." Mtima wanga unandiwawa. Madzulo ndinawauza achimwene, iwo n'kuti, "Ubwere naye adzangoyima."

Ndinachita kumukoka ngati mbuzi yokana kumsika. Anayima pageti tsiku loyamba, lachiwiri anayenda, lachisanu anathamanga. Nthawi zonse ankamaliza womalizira, anzake atayamba kale kuwongola miyendo, ndiye anamupatsa dzina loti Kamchira. Iye analilandira ndi manja awiri, mpaka analilemba pachitseko chake. Zaka zitatu mwana uja sanajombe. Makatani anatseguka, magiredi anakwera, anayamba kuseka mokweza moti ndinkamumva ndili pansi. Yemwe uja wokokedwa ndi amene anasanduka wogogodera nsanjika yonse.

Bambo ake omubereka anachoka iye akadali wakhanda. Achimwene anga mwana analibe. Ana onse ankawatchula kuti bambo, koma Kamchira akati "bambo", achimwene ankatembenuka mwamtundu wina. Ankasunga nyuzipepala zonena za milatho ndi misewu kuti akamupatse. Kunyumba nkhani inali yomweyo, Kamchira wakhoza, Kamchira lero wapitirira anthu awiri. Ndinkawaseka kuti, "Achimwene, mwabereka mutakalamba, tikagule matewera?" Iwo n'kungoti, "Iwe chemwali, pakamwa pakopo."

Chaka chomaliza, mayeso atayandikira, mwana uja anayamba kutsalira kuposa kale. Ankayima pangodya, manja pamawondo, ali wefuwefu. Anadandaula kuti pachifuwa pakumuthina. Anandionetsa mapazi otupa, akuti nsapato zayamba kumuluma. Tinaziona zonsezi, ine ndi achimwene, ndi maso athu awa. Ndiye tinati chiyani? Tinati ndi mayeso. Tinati akukhalitsa pampando, magazi sakuyenda, kuthamanga ndiye mankhwala ake. Nthawi ya mayeso ana onse amadandaula zoterozo, ndipo achimwene ankalimbikira kwambiri nthawi imeneyo, chifukwa ankati amene wasiya pa mayeso sabwereranso.

Linali Lachiwiri. Ndinalawira ntchito, ndipo pamasitepe ndinakumana ndi mnzake wa Kamchira akutsika yekha. Anati Kamchira wakana kudzuka. Ndinaseka, n'kusiya ndowa pansi, n'kukalowa m'chipindamo. Ndinamupeza atatsamira khoma, mapilo awiri kumsana.

"Anti, lero ayi," anatero. "Ndagona chokhala. Ndikati ndigone chagada mpweya ukundithawa."

Ine ndi pakamwa pangapa! Ndinati, "Iwe, zaka zitatu zonsezi ukumverabe bodza la thupi? Dzuka apa, bambo ako akudikira." Ndinagwira bulangete n'kulikoka. Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa, n'kuvala nsapato osamanga zingwe chifukwa mapazi sankalola.

Kumapeto kwa khonde la nsanjika yachiwiri kuli windo loyang'ana kubwalo. Ndinayima pamenepo ndi chokolopera m'manja, ndikunyadira kuti ndagwira ntchito. Ndinamuona akulankhula ndi achimwene pageti, dzanja lili pachifuwa. Zimene analankhulana anandiuza pambuyo pake ndi Mlongoti, mnyamata wamtali amene ankatsogolera gululo. Akuti mwana uja anabwereza zomwe anandiuza ine, ndipo achimwene anamusisita paphewa n'kuti, "Kawiri basi, mwanangu. Kenako ulifunsenso."

Anazungulira kamodzi. Ulendo wachiwiri, atafika pangodya ya kumpopi, anakhala pansi mwaulemu ngati munthu wofuna kumanga nsapato. Kenako anagona chammbali. Achimwene anathamanga kudutsa pakati pa bwalo. Mlongoti akuti achimwene atamudzutsa mutu, mwana uja anatsegula maso n'kunena kuti, "Pepani bambo, kawiri sikanakwane."

Achimwene anamubereka kumsana, bambo wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, n'kuthamanga naye mpaka ku kachipatala ka pasukulupo. Kumeneko anamukweza galimoto kupita ku chipatala chachikulu. Dzuwa lisanapendeke anali atatisiya. Madokotala anati mtima wake unali ndi vuto kuyambira kale, unali utatupa, ndipo zizindikiro zonse zinalipo poyera. Anati akanabwera msanga akanamuletsa ngakhale kukwera masitepe mothamanga.

Akuluakulu a sukulu anawaitana achimwene, anawafunsa mafunso, n'kunena kuti alibe mlandu popeza palibe amene ankakakamizidwa. Anangolamula kuti wofuna kulowa gululo aziyamba wakapimidwa. Pamaliro, mayi ake a Kamchira anawafunafuna achimwene pakati pa anthu, n'kuwagwira dzanja ndi manja awo onse awiri. Anati, "Ndinu a Dzukani? Mwana wanga ankakutchulani foni iliyonse. Munamubwezera chimwemwe, zikomo." Abale, bola akanawamenya mbama. Tinabwerera kunyumba. Achimwene anayika makiyi a bwalo patebulo, anavula nsapato, n'kukagona.

Miyezi inayi ija inayambira pamenepo. Ankadzuka kupita kuchimbudzi basi. Ndevu zinamera zoyera, masaya analowa. Abwana awo anawapatsa tchuthi, anawonjezera china, kenako anandiitana n'kundiuza mwaulemu kuti mwezi ukatha asanabwerere alemba munthu wina, chifukwa kapinga sadikira wolira. Sindinawade abwanawo. Udzu unali utafikadi m'mawondo kuseri kwa magolo.

Ndinayesa zonse. Ndinayika nsapato zawo pakhomo, masokosi m'kati. Ndinawauza kuti angobwera adzayime. Tsiku lina mutu unandiyaka, ndinawakalipira kuti, "Mukuganiza kuti wolira ndinu nokha? Bulangete analikoka ndani? Si ine? Nanga ine sindikupita kuntchito, kukakolopa chipinda chomwe chija, muli mwana wina amene sadziwa kanthu?" Ndinalankhula misozi ili chuchuchu. Iwo osatembenuka n'komwe, anangoti, "Iwe unakoka bulangete, chemwali. Koma mawu okokera ndinakupatsa ndine."

Mlongoti anabwera kunyumba katatu. Ankakhala pampando wa pabalaza, mawondo ake aatali atatsala pang'ono kugunda tebulo, akulankhula molunjika kuchitseko cha kuchipinda. "Bambo, ana akukufunsani. Bambo, sitinasiye." Chitseko chili zii. Ndinkamupatsa tiyi n'kumuperekeza, manyazi atandigwira.

Teremu yatsopano itayamba, m'mawa wina ndinalimba mtima n'kusuzumira pawindo lija, limene ndinali nditasiya kuyimapo. Ha! Bwalo linali lodzaza. Ana ngati makumi anayi, ambiri atsopano, akuzungulira m'udzu wautaliwo. Mlongoti ali pakati akuwomba m'manja, akukuwa ndi mawu ake onse, "Thupi ndi labodza! Kawiri kaye!" Ndinati Mulungu wandipatsa mankhwala. Nditaweruka ndinachita kuthamanga, ine wa mawondo ovutawa.

"Achimwene, mbewu yanu sinafe! Mukanaona lero! Ana mbwee, ndipo Mlongoti akuwaphunzitsa mawu anu omwe aja, osaphonya ndi limodzi lomwe."

Bedi linalira. Kwa nthawi yoyamba pa miyezi inayi anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso.

"Akuti chiyani?"

Ndinabwereza, mpaka kutsanzira mawu a Mlongoti.

"Atsopano alipo angati?"

"Makumi awiri, kaya kuposa."

"Anakapimidwa?"

"Aaa, ena anapita, ena mukuwadziwa ana, pepala la kuchipatala amangobwerekana."

Kenako anatsitsa miyendo pansi n'kuti, "Nditenthetsere madzi. Undipezerenso lezala." Ndinatenthetsa madziwo ndikuyimba, chitsiru ine. Ndinkati chawadzutsa ndi kunyada. Sindinazindikire kuti anali mantha.

M'mawa mwake anatenga makiyi patebulo, ine ndili pambuyo. Ana atawaona patali anayamba kukuwa, "A Dzukani! A Dzukani abwera!" Ena anawomba m'manja, Mlongoti anapukuta maso ndi malaya. Achimwene sanamwetulire. Anakhoma geti lalikulu, limene miyezi yonseyi linkangokhala lotsegula, anatsegula kachitseko kake kakang'ono, n'kuyima pomwepo, n'kunena kuti azilowa mmodzimmodzi.

Woyamba anali mnyamata wonenepa bwino. "Wadzuka bwanji? Usandinamize."

"Bwinobwino bambo, kungoti mwendo ukukoka pang'ono."

"Kagone."

Ana anaseka, ankayesa nthabwala. Wachiwiri, mtsikana, anati mutu ukulemera chifukwa anawerenga kwambiri.

"Kagone, mwanangu."

Wina anatsokomola ali pamzere, anamubweza. Wina anangoyasamula n'kugwira pachifuwa, anamubweza. Ankagwada pansi, munthu wamkulu, n'kumadina akakolo a ana ndi chala kuti aone ngati atupa. Mwa makumi anayi aja analowa asanu ndi anayi. Amenewonso atazungulira kamodzi anawayimitsa, n'kumayika khutu pafupi ndi pakamwa pawo kumvetsera kapumidwe. Munthu wothamanga angapume bwanji, abale? Anawatulutsa onse.

Mlongoti anawatengera pambali. "Bambo, m'mawa ndani samva kuwawa penapake? Munatiphunzitsa nokha."

"Zimene ndinakuphunzitsanizo muzisiye," anatero achimwene. "Ndisadzamvenso mawu amenewo pabwalo pano."

Ana anayesa kunama kuti adzuka bwino. Koma munthu amene wakhala akuwerenga nkhope za ana m'mamawa zaka zonsezo sunganamize. Ankaona diso lofiira, phewa lotsika, kayendedwe. Ndipo mwana wa sukulu sumuuza kawiri kuti akagone. Amene wabwezedwa Lolemba ndi Lachiwiri, Lachitatu nsapato saziyikanso pakhomo. Sabata yoyamba anabwera makumi atatu, yachiwiri khumi, yachitatu atatu. Ndinawachonderera achimwene kunyumba. Ndinati, "Ana amenewa kuthamanga kumawathandiza, mwaiwala? Muli ana ena m'mahositelomu amene atseka makatani panopa." Anati akudziwa. Anati bola wotseka makatani, mayi ake adzamupeza akabwera kudzamutenga. Mlongoti anasiya kubwera kubwalo, amathamanga kumsewu ndi anzake awiri, ndipo akakumana nane amayang'ana kumbali.

Ntchito sinawathere. Ndipotu bwalo lija silinakongolepo ngati mmene lilili panopa. Kapinga ali see, mizere yoyera yowongoka, maukonde osokedwa bwino. Abwana akuyamikira. Anthu akandipeza pamasitepe amati, "Tathokoza, achimwene anu achira." Ine ndimangovomera, nanga nditani? Ndine ndinkafuna kuti adzuke, ndipo adzuka. Sayendanso m'mbali mwa mahositelo, sawombanso m'manja. Koma ikakwana hafu faifi amakhala atayima pageti, kachitseko ali chotsegula, mpaka hafu sikisi, kuopa kuti wina angabwere iwo palibe.

Dzana kunazizira kwambiri, ndiye ndinawatengera tiyi m'botolo ndisanayambe ntchito. Ndinawapeza ali chilili, manja m'matumba a ovolosi. Bwalo lonse linali mbee ndi mame, popanda phazi ndi limodzi lomwe lopondapo. Analandira tiyiyo, anamwa pang'ono, n'kuloza bwalolo ndi chibwano.

"Waona, chemwali? Lero palibe wagwa."

Ndipo anamwetulira. Chichitikireni zija, aka kanali koyamba kuona mano awo.

"Eya, achimwene," ndinatero. "Palibe wagwa."

Ndinadikira amalize tiyi, ndinatenga botolo langa, n'kupita kukatunga madzi okolopera.